Mmene Kalongonda wa Nkhwali Analowera M'munda wa Njati

Padangokhala, padangotero, kalelo nyama zikadagwira khasu ndi kuvala nsalu, kunali dziko limene chuma chake chinali thonje. Mfumukazi ya dzikolo inali Ntchefu, ndipo wogawa minda anali nduna yake, Njati.

M'dzikomo munali malamulo awiri amene aliyense ankawadziwa. Loyamba linkati thonje likatha kutoledwa, mitengo yake yonse izulidwe ndi kutenthedwa, kuopa mbozi zimene zimabisala m'menemo kudikira thonje la chaka chamawa. Lachiwiri linkati khasu la wina lisagwere pamene pali mbewu ya mnzake kufikira mwini mbewuyo atakolola.

Tsono kunali Nkhwali, amene onse ankamuitana ndi mfunda wake kuti Nachanza. Iyeyu anakwatiwa chitengwa: anasiya kwawo ndi minda ya amayi ake n'kudzakhala kwa mwamuna. Mwamunayo atamwalira, abale ake anagawana minda yonse, ndipo Nkhwali anatsala ndi kakhasu kakutha ndi zala zake zopalasira. Anagwira njira kupita kwa Njati kukabwereka munda.

"Munda ulipo, Nachanza," anatero Njati. "Ine amasiye ndimawamvera chisoni. Tengani uja wa kaufiti uja."

Unali munda woguga. Nkhwali anasenzera ndowe, anakwirira zinyalala, anapirira chaka cha njala, ndipo chaka chotsatira thonje linayera. Anatola, anazula mitengo, anaiunjika n'kuyatsa moto. Utsi usanathe, Njati anatulukira pamodzi ndi kapitao wake, Nguluwe, mkulu wa anyamata ogalauza.

"Mwakolola, Nachanza?"

"Ndakolola, ambuye."

"Mwazula?"

"Ndazula, monga mwa lamulo."

"Ndiye kuti muno mulibenso mbewu yanu. Zikomo pondisamalira munda wanga. Nguluwe, lowetsa anyamata."

Nkhwali anabwerekanso munda wina woguga, anaudzutsanso, ndipo tsiku lozula thonje Njati anabweranso ndi mafunso ake omwe aja. Chimene chinkamupweteka Nkhwali koposa kulandidwako chinali kuona zimene zinkachitikira minda imene anaivutikira. Njati ankatentha chilichonse chogona pansi, anyamata a Nguluwe n'kugalauza mozama mpaka dothi lofiira litabwera pamwamba. Mvula ikagwa inkakokolola nthaka, ndipo posakhalitsa thonje linkalekezera m'mawondo. Zikatero Njati ankakumbukira chisoni chake, n'kubwereketsa mundawo kwa wamasiye wina.

Nkhwali analira, analira, misozi n'kumuthera. Atatha kulira anakhala pansi n'kuyamba kuwatembenuza malamulo awiri aja m'mutu mwake monga mmene amatembenuzira masamba pofuna chiswe. Atapeza chimene ankafuna, anasasa nthenga zake n'kupitanso kwa nduna.

"Mwabweranso?" anafunsa Njati.

"Ndilowera kuti, ambuye? Ndibwerekeni uja woyandikana ndi munda wanu waukulu."

Njati anaseka mpaka nyanga zinagwedezeka. "Pouma ngati pabwalo la gule paja? Tengani. Ngakhale chisoso chinasamukapo."

Mvula itagwa, Nkhwali sanaunge mzere ndi umodzi womwe. Anapalasa timaenje, n'kubzalamo kalongonda, nyemba yoyanga imene anaipempha kwa abale ake. Kalongonda anamera monyinyirika, kenaka anagwira, anayanga, anaphimba munda wonse. Atangoyamba maluwa, Nkhwali anabwereka chikwakwa n'kumutchetcha yense, kusiya kangodya kamodzi kokha ka mbewu. Masambawo anawasiya ali chigonere.

Nguluwe anaima m'malire pakamwa pali yasa. Iyeyu ankamwera chipanda chimodzi ndi malemu mwamuna wa Nkhwali, ndipo ankaitanana naye Nkhwali chilamu.

"Mlamu, kodi chisoni chakuzunguzani mutu? Ndani amatchetcha mbewu isanabereke?"

"Ndikuphikira nthaka, mlamu. Nayonso imamva njala."

"Nanga moto muyatsa liti?"

"Chakudya ichi chimapsa chokha."

"Ndibwere ndi anyamata tikugalauzireni? Mwaulere, chifukwa cha malemu."

"Mphuno yanuyo muisunge, mlamu. Ikadzafunika ndidzakuitanani."

Nguluwe anakauza Njati, ndipo awiriwo anaseka mpaka kugwirana. Munda wodzala zinyalala zowola Njati analibe nawo ntchito. Chaka chimenecho Nkhwali anadya za kupota ulusi wa eni ake.

Mvula ina itabwera, anakankha masamba owola aja ndi phazi, ndipo pansi pake anapeza dothi lakuda, lofewa, lodzala nyongolotsi. Zina anazilawa, pakuti anali nkhwali ndithu, koma zambiri anazisiya kuti zigwire ntchito. Anapalasanso timaenje n'kubzala thonje, ndipo apa ndi apo, pakati pa thonjelo, anaponya nandolo. Pakati pa dzinja kunachita ng'amba. Thonje la Njati, m'mizere yake yosalala bwino, linagwetsa makutu, pamene la Nkhwali linkamwa chinyontho chobisala pansi pa masamba. Nthawi yake itakwana linaphulika, munda wonse kuti mbee, ndipo amayi a m'mudzi anabwera ndi madengu awo kudzamuthandiza kutola.

Njati ankadutsa m'malire mwakachetechete, malovu akumeza. Tsiku lozula litafika, anaona utsi ukukwera, n'kuitana kapitao wake.

"Mwakolola, Nachanza?"

"Thonje ndakolola, ambuye."

"Mwazula?"

"Ndazula ndipo ndatentha. Phulusa lake ndi ilo."

"Ndiye kuti muno mulibenso..."

Njati anaponya maso m'mundamo. Pamene panachoka thonje panatsala nandolo, wobiriwira, wamtali kufika m'mapewa a nduna, atangoyamba kumene maluwa achikasu.

"Ichi n'chiyani?"

"Nandolo, ambuye. Kwanu simudya?"

"Akhwima liti?"

"Ameneyu ndi waulesi. Amadikira anzake onse alowe m'nkhokwe."

Pamenepo Nkhwali anayambitsa nyimbo. Inali nyimbo yopepuka, ya mayendedwe a mtondo, yonena za mlendo amene amabwera kudzatenga mphika wake ndiwo zisanapse, ndipo mwini ndiwo amamuyalira mphasa kuti ayambe wakhala. Amayi a madengu aja ankavomera ndi mawu awiri okha omuuza mlendoyo kuti adikire. Njati anafwenthera m'mwamba n'kubwerera, Nguluwe ali pambuyo.

Chilimwe chonse Nkhwali ankathyola nandolo pang'onopang'ono, lero nthambi iyi, mawa iyo. Njati ankabwera kawirikawiri.

"Mwatha?"

"Watsala, ambuye. Taonani makoko awo."

"Amenewo ndinawaona ulendo watha!"

"Ndiye kuti maso anu ndi abwino. Ine ndimawaphonya."

Nguluwe ndiye anatonthoza mbuye wake. "Musadzivute, bwana. Mvula ikamayandikira ayenera kudula nandoloyo, asose, aunge mizere. Palibe amene amabzala m'tchire. Tsiku limenelo m'munda mudzakhala mulibe kanthu, ndipo ife tidzalowa."

Njati anakondwa. Analamula kuti munda wake waukulu ugalauzidwe msanga kuti anyamata adzakhale opanda chochita china, anasankha mbewu yake yabwino ya thonje n'kuiika padera, ndipo anakakhala pachulu cha m'malire kudikira tsiku losamuka Nkhwali.

Koma Nkhwali sanasose. Mvula yobzalira itagwa, analowa pansi pa nandolo, kumene nduna sinkatha kumuona, n'kumapalasa timaenje ndi kuponyamo kalongonda wa kangodya kaja. Anadikira mpaka atamera. Atatero anatenga chikwanje, n'kuyamba kudula nandolo poyera, akugoneka nthambi zake pansi.

Njati anatsika pachulu mothamanga.

"Mwakolola!"

"Nandolo ndakolola, ambuye."

"Mwadula!"

"Ndadula. Koma pondani bwino, mukundithyolera ana."

Njati anayang'ana pansi. Pakati pa ziboda zake, ndi kutsogolo, ndi kumbuyo, timasamba titatutitatu tinali titasuzumira kale.

Nkhwali anayambitsanso nyimbo yake, ndipo ulendo uno anaonjezamo ndime yonena kuti ndiwo zija zapsa, koma mumphikamo mwalowa kale zina. Amayi panalibe tsiku limenelo, koma kuvomera kunamveka ndithu, kwa mawu okhuthala, kuchokera kumbuyo kwa nduna. Njati atacheuka, Nguluwe anatsokomola n'kunena kuti kanthu kanamulowa pakhosi.

"Imeneyi si mbewu!" anakuwa Njati. "Ndi tchire! Ndi mlongo wake wa chitedze! Chaka chija munachitchetcha nokha n'kuchisiya chiwole. Munda wa tchire ndi munda wopanda mbewu. Tikaonana pabwalo la Mfumukazi!"

Nkhwali ankadziwa kuti akulu a bwalo ambiri ankalima minda ya Njati. Koma anawerama mwaulemu n'kuti, "Mawu anu ndawamva, ambuye."

M'dzikomo milandu sinkakambidwa nthawi yobzala ndi yopalira, kuti makasu asagone. Nguluwe anayesa kulangiza mbuye wake.

"Bwana, tsiku la mlandu lili kutali. Tibzale thonje m'munda waukulu uja, poti ndi wogalauza kale."

"Mbewu yanga yosankha ndiitaye m'fumbi limenelo, munda wanga wachonde uli apa? Mlandu uwu udzatha ndi mawu awiri. Udikire."

Kuyambira tsiku limenelo Njati analeka kukhala pachulu. Ankayenda khomo ndi khomo kwa akulu a bwalo, anyamata atamusenzera mitsuko ya mowa, kuwakumbutsa amene anawapatsa minda. Munda wake waukulu unangokhala, wosalala, wofewa pamwamba, wopanda mbewu ndiponso wopanda mlonda.

Kalongonda sadziwa malire. M'mawa uliwonse Nkhwali ankayenda m'mbali mwa munda wake, n'kumagwira nsonga zanthete ndi mlomo wake, kuzilozetsa kwa nduna. Paliponse pamene mfundo yakhudza pansi ankakankhirapo dothi ndi phazi, kuti igwire mizu pomwepo. Nguluwe anamupeza tsiku lina ali pa ntchito imeneyi. Anayang'ana Nkhwali, anayang'ana nsonga zija, anayang'ana kumwamba.

"Mlamu, lero maso akundiwawa. Sindikuona kanthu."

"Pepani, mlamu. Mukagone."

Kupalira kutatha, mthenga anabwera kudzanena tsiku la mlandu. Mlandu wa munda unkakambidwira pamunda pomwepo, ndipo wolima mundawo ndiye ankalandira alendo. Nkhwali anatenga kalongonda wouma amene anamutsalira, n'kuyamba kuphika kutatsala tsiku lathunthu. Nyemba imeneyi ilibe chibwana: wodya yosapsa bwino mutu umazungulira ngati waledzera. Anawiritsa, anataya madzi akuda, anasenda makungu, anawiritsanso, anatayanso, mpaka madzi anayera. Anathira mchere ndi nsinjiro, n'kuyamba walawa yekha, kudikira kuti aone ngati dziko lizungulire. Silinazungulire.

Mfumukazi Ntchefu inafika ndi akulu ake dzuwa litakwera, onse atatopa ndi njira. Nkhwali anagwada, anawapatsa madzi osamba m'manja, n'kuika mbale patsogolo pa aliyense.

"Kodi kakomedwe kotere?" inatero Mfumukazi.

"Za umphawi, mayi wathu."

Njati, amene anabwera m'mimba muli mowa wokhawokha, anakomba mbale yake n'kuikankhira kwa Nkhwali osamuyang'ana. Nkhwali anaonjezera. Njati anakombanso. Kenaka anapukuta pakamwa, anaimirira, n'kuyamba kulankhula.

Analankhula bwino, pakuti ankadziwa kulankhula. Anati iye ndi tate wa amasiye. Anati mbewu ndi chinthu chimene chimavalidwa kapena kudyedwa, ndipo chimene chayanga m'mundamu palibe anachivalapo, palibe anachidyapo, ndipo wochidya akhoza kupenga. Akulu aja ankagwedeza mitu movomereza, maso ali pansi.

"Nachanza," inatero Mfumukazi, "mwamva. Muli ndi mboni?"

Nkhwali anaimirira n'kuyankha.

"Ndili nayo imodzi, mayi wathu, koma siyankhula. Ndi mbale ya a Nduna."

Onse anayang'ana mbale ija. Inali yoyera ngati yotsuka.

"Munali chiyani m'mbalemu?"

"Tchire, mayi wathu. Mlongo wake wa chitedze. A Nduna aonjezera."

Mfumukazi inayesa kugwira chiseko, koma chinaipulumuka m'mphuno. Akulu aja, poona kuti mwini bwalo waseka, anakumbukira kuti nawonso ali ndi mano. Njati anagwira mimba yake, kudikira misala, koma misala sinabwere.

"Tadya tonse," inatero Mfumukazi. "Ndi mbewu."

"Chabwino, ndi mbewu!" anatero Njati. "Akolole mbewu yakeyo, achoke. Ndidikira. Kalongonda sakhala muyaya."

"Khasu lanu silidzagwa pamene pali mbewu yanga, ambuye?" anafunsa Nkhwali.

"Lamulo ndimalidziwa kuposa inu."

"Pa mbewu yanga yonse, kapena pa ina yokha?"

"Yonse! Kodi ndine wakuba ine?"

"Mayi wathu, ndikupempha kuti bwalo lione pamene mbewu yanga yalekezera, kuti mawa pasadzakhale mkangano."

Ananyamuka onse, Nkhwali patsogolo. Anayenda m'masamba ofika m'mawondo, anayenda, anafika pachulu cha m'malire, anachipitirira, masamba osatha. Njati anayamba kucheukacheuka. Pamene kalongonda analekezera, bwalo lonse linali litaima pakati penipeni pa munda waukulu wa nduna.

"Uwu ndi munda wanga!" anakuwa Njati.

"Munda ndi wanu, ambuye. Mbewu ndi yanga."

"Ndiikokera kwanu!"

Anakoka chingwe chimodzi cha kalongonda, koma chinakana. Mfumukazi inawerama n'kuona mizu yoyera itagwira pansi pa mfundo iliyonse.

"Yamera pano, a Nduna. Isiyeni."

"Ndiye mukolola liti?" anafunsa Njati, mawu atachepa.

"Kalongonda ameneyu ndisanamutchetche ndiponyamo nandolo," anatero Nkhwali. "Nandolo ndisanamudule ndibzalamo thonje. Thonje ndisanalizule... koma inu mukudziwa kale, ambuye. Mwakhala mukuonera."

Njati anatembenukira kwa Mfumukazi. "Mayi wathu, uku ndi kulanda! Wamasiye alande munda wa nduna dzuwa likuswa mtengo?"

"Ine ndinalandidwa iwiri," anatero Nkhwali, "dzuwa lake lomweli. Ndinabwera kudzadandaula, ndipo akulu awa anandiuza kuti lamulo silinathyoledwe. Ndinabwerera, n'kukaliphunzira lamulolo. Lero ndithyola liti?"

Akulu aja anayambanso kuyang'ana pansi. Mfumukazi inakhala nthawi ikutafuna, monga zimachitira ntchefu zikamaganiza.

"Simunathyole lililonse," inatero pomaliza. "A Nduna, ine pano ndilibe chogamula. Ngati mukuufuna munda wanu, kambiranani ndi mwini mbewu."

Njati anatembenuka. Anayang'ana munda wake waukulu, umene anaulandira kwa atate ake, n'kuona m'maganizo mwake Nkhwali akutolamo thonje chaka ndi chaka, iye ali pachulu.

"Nachanza," anatero, "mayi anga, tiyeni tikambirane ngati anthu."

"Ndikumva, ambuye."

"Ndikupatsani nsalu."

"Ndimapota ndekha."

"Ndikubwerekani munda wina, waukulu."

"Kubwereka ndatopa nako."

"Nanga mukufuna chiyani?"

"Wanga uja. Kuyambira pachulu kubwerera uko. Osati wobwereka. Munene pamaso pa Mfumukazi kuti ndi wa Nachanza, mukhale mbewu, musakhale mbewu. Mukatero, kalongonda wa mbali ino ndakupatsani, ndipo mukandimvera musamutenthe."

Njati anazungulira, anafwenthera, anakanda pansi. Kenaka ananena mawuwo, motsitsa. Mfumukazi inati makutu ake ndi okalamba, anenenso. Ananenanso, mokweza. Amayi a m'mudzi, amene anali atabisala kuseri kwa chulu, analulutira, ndipo nyimbo ija inabuka yokha popanda woiyambitsa. Ndime yake yatsopano inkati mlendo uja wanyamuka, mphika wausiya. Ulendo uno Nguluwe sanatsokomole, anavomera poyera, ndipo anavinako pang'ono.

Chaka chotsatira thonje la Nkhwali linachuluka mpaka madengu a m'mudzi anachepa. Njati analamula kuti kalongonda wa m'munda mwake atenthedwe, koma Nguluwe anangomutchetcha, moto n'kuuiwala, ndipo pamenepo thonje linaposa la m'minda yonse ya nduna. Njati ankauza aliyense wodutsa kuti nzeru imeneyi anaiganiza yekha kalekale. Amasiye ena ankabwera kwa Nkhwali ndi timitanga tawo, ndipo palibe amene ankabwerera wopanda nandolo ndi kalongonda.

Koma zonsezo zinabwera pambuyo. Mlandu utatha, m'mawa mwake Nkhwali anatumiza mawu kwa Nguluwe kuti mphuno yake yafunika. Nguluwe anamupeza pakati pa munda atafungatira kamtengo ka msangu, kamizu yake ndi dothi lake. Wobwereka munda saloledwa kubzala mtengo, pakuti mtengo umauza odutsa kuti woubzalayo sadzachoka. Chibwerere m'mudzimo, Nkhwali anali asanabzalepo ndi umodzi womwe.

"Pano, mlamu," anatero. "Lero lokha kumbani mozama."

Nguluwe anakumba, dothi lakuda likuuluka. Nkhwali anaimika kamtengoko m'dzenje, anakwirira, anapondaponda ndi timapazi take.

"Kakang'ono chonchi, mlamu?" anatero Nguluwe, akupukuta mphuno. "Mthunzi wake mudzaukhala liti?"

"Kakule mmene kafunira," anatero Nkhwali. "Kadzandipeza pompano."

Nthano yanga yafika pa malire ake. Amene ali ndi ina, munda ndi uwu, abzale.